Nyimbo Zopanda Mawu Zinandimangitsa

Mtendere ukhale nanu, abale anga. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Achimwene muli kukhomoko, chitsekocho chisiyeni chotsegula. Chitseko chotseka chimaitana mafunso, ndipo ine mafunso ndinayankha okwanira moyo wanga wonse.

Ndine Gelesomu, telala uja wa pakhonde la golosale ku Senga Bay. Ena mwa inu ndinakusokeranipo mathalauza, ena munandilumphapo ndili gone m'ngalande. Musachite manyazi, nanenso ndikanadzilumpha. Miyendo mukuiona ikunjenjemerayi si mowa ayi, mowa ndinasiya. Ndi mantha, chifukwa zimene nditi ndikuuzenizi anandiuza kuti ndisadzauze munthu. Ndiye mundimvetse bwino: sindikudandaula munthu, sinditchula dzina la wamkulu aliyense, ndipo khadi la chipani ndili nalo, lili m'thumbamu. Ndikunena za ine ndi botolo langa basi. Koma botololo simungalimvetse ndikapanda kuyambira pa wailesi.

Pochoka kumigodi ku Joni, anzanga anabwera ndi masuti ndi njinga. Ine ndinabwera ndi makina osokera ndi wailesi ya kaseti. Ndinabweranso ndi matenda amene sindinadziwe kuti ndi matenda: ndinakonda nyimbo zopanda mawu. Piyano, vayolini, gitala woziziritsa mtima, kalipenga kolira chapansipansi, popanda munthu woimba. Nyimbo ya mawu imandisokoneza posoka. Woimba akamadandaula kuti mkazi wamuthawa, ine ndimayamba kumumvera chisoni, msoko n'kukhota. Koma izi zopanda mawuzi, phazi limangoyenda lokha pamakina.

Ndinakweza waya mumtengo wa mango kunyumba, ndipo dzuwa likapendeka ndinkasaka masiteshoni akutali. Ndikapeza nyimbo yabwino ndinkaijambula pa tepi. Luso langa linali pa chala. Muulutsi akangokoka mpweya kuti alankhule, ine ndadina kale batani. Matepi anga anali oyera, kuyambira koyamba mpaka kumapeto osamva liwu la munthu, ndipo ndinkanyada nazo ngati ndabereka mapasa. Ena ndinkasinthana ndi mnzanga woperekera zakudya kuhotela, amene ankawapeza kwa alendo. Posiyanitsa ndinkamangirira ulusi, si ndine telala nanga: wofiira za piyano, wobiriwira za gitala, woyera zosakaniza.

Mayina enieni a nyimbozo sindinkawadziwa. Ankazitcha mayina ndi mwana wanga Esinta, mtsikana wa msinkhu wotha kusenza ndowa yaing'ono. Ankakhala pamphasa, khutu ku sipika, n'kunena kuti, "Ababa, iyi ndi Mvula pa Malata." Ina anaitcha Bakha Akusamba, ina Amayi Akwiya. Akamva kamodzi ankaiimba yonse ndi mphuno, osaphonya.

Mayi ake Esinta anandichenjezapo. "Bambo a Esinta, nyimbo zanuzi zikumveka ngati za pamaliro a mzungu. Muziziliza m'nyumba mommuno." Wakutsina khutu ndi mnansi, abale, koma langa khutu linali ku wailesi.

Tsiku lina ndinagula mabatire atsopano ndi sipika yaikulu, ndinaiika mumtsuko kuti izigunda bwino, n'kupita nazo kukhonde. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinaika tepi ya ulusi wofiira, yozizira kuposa onse, mutu pansi, ndikusoka. Itatha ndinaitembenuza.

Tonse timadziwa, ngakhale sitinena, kuti wailesi yathu ikasiya kulankhula n'kuyamba nyimbo zozizira zopanda mawu, kwagwa zovuta. Wamkulu wina watisiya, ndipo akukonza mawu otiuzira. Timadziwanso kuti pali imfa imodzi, ya wamkulu woposa onse, imene munthu saloledwa ngakhale kuilota. Ine zonsezi ndinkazidziwa, koma tsiku limenelo ndinkangomva piyano.

Nditadzutsa mutu ndinapeza amayi a mabeseni a usipa aima mumsewu, osagula, osapita. Mwini golosale anali akutseka mawindo masana dzuwa likuswa mtengo. Palibe amene anatchula kanthu. Ankangofunsana chapansipansi kuti, "Mwaimva wailesi?" Funsolo linathamanga mpaka kudoko, asodzi anasiya makoka, mayi wina anayamba kulira kuseri kwa msika. Bambo wina anathamangira kwawo kukatsegula wailesi yake, n'kupeza akuphunzitsa za feteleza. Mukuganiza kuti zinandipulumutsa? Zinandiphera pomwepo. Anthu anayamba kufunsa kuti, "Nanga telalayu akumvera siteshoni ya kuti, yodziwa zinthu ife tisanauzidwe?"

Atcheyamani a chipani anafika ndi anyamata awo. Sanakalipe. Anangoti, "Atelala, zimitsani." Chala changa chija, chothamanga kuposa muulutsi, chinalephera kupeza batani. Dzuwa lisanalowe galimoto ya boma inali itabwera, ndipo inanyamula ine, wailesi, ndi matepi onse amene anakawatenga kunyumba.

Kumene ananditengera sindikutchula. Anayala matepi anga patebulo.

"Ulusi wofiirawu ukutanthauza chiyani?"

"Za piyano, bwana."

Mbama.

"Unkalira ndani?"

"Palibe, bwana."

"Ndiye anthu analiriranji?"

"Anangoganiza okha, bwana."

"Anaganiza chiyani? Nena!"

Mwaona msamphawo? Chimene anthu anaganizacho ndi chimene pakamwa sipangatchule. Ndikachitchula, ndachinena ndine. Ndikakhala chete, ndikubisa. Ndiye ankaika tepi yanga yomwe, n'kukweza kwambiri kuti akunja asamve, mmodzi n'kunditseka pakamwa ndi dzanja. Mvula pa Malata ndinaimva ndili chagada pasimenti. Zina zonse mundilole ndisanene.

Kukhoti sindinapiteko. Dzinja linandipeza ndili mkati, linanso n'kundipeza momwemo. Tsiku lina anangotsegula n'kunena kuti, "Pita. Sunaone kanthu, sunamve kanthu."

Ndinabwera thupi lokha. Makina anga mkazi wanga anasunga, ndinakawaika pakhonde, koma ndani angabweretse nsalu kwa munthu amene anakwera galimoto ija? Anthu ankandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Galimoto iliyonse ikamveka mumsewu wa ku Salima, ndinkathamanga kukabisala. Wina akaliza mluzu, thukuta. Kutchalitchi ndinasiya chifukwa cha limba. Ndinapeza kuti kachasu amatseka makutu, ndipo ndinamwa. Poyamba madzulo okha, kenaka m'mawa ndisanasukusule. Ndinagulitsa sizasi, ndinagulitsa simbi, pomaliza makina enieniwo. Ndinkagona pansi pa mathandala a nsomba, agalu n'kumandinunkhiza. Mayi ake Esinta ankapita kukagwira ganyu m'minda ya mpunga ku Lifuwu kuti ana adye, ine n'kumaba mpunga womwewo kukasinthanitsa ndi botolo.

Koma pansi penipeni sipanali m'ngalande ayi. Panali kuseri kwa nyumba yanga.

Masana ena ndinali gone pakhonde, mutu ukuwawa. Esinta ankatsuka mbale kuseri, ndipo ndinamva akuimba ndi mphuno, pang'onopang'ono, Mvula pa Malata. Nthawi yomweyo kumsewu kunamveka galimoto. Sindikudziwa mmene ndinafikira kuseriko. Ndinangozindikira dzanja langa lili pakamwa pa mwana, ndikufinya, ndikunong'ona kuti, "Ufuna atitenge tonse? Ufuna atitenge?" Galimotoyo inali ya nsomba, inadutsa. Nditachotsa dzanja, linali ndi magazi. Mlomo wa mwana unali utang'ambikira pa dzino. Sanalire. Anangondiyang'ana mmene ine ndinkawayang'anira anthu aja a patebulo.

Kuyambira tsiku limenelo Esinta sanaimbenso. Kusukulu aphunzitsi anadabwa, kutchalitchi anachoka m'kwaya ya ana. Ine ndikalowa m'nyumba iye ankatuluka. Mawu ake kwa ine anatsala awiri okha: "Inde, ababa."

Ine ndine mkamwini, pamudzi paja mpa kwawo kwa akazi anga. Anaitana ankhoswe. Mayi ake Esinta analankhula osakweza mawu. "Njala ndapirira, manyazi ndapirira. Koma mwana wanga asanduke wosalankhula chifukwa cha bambo ake? Ayi. Azipita kwawo." Ine ndinkangonunkha ngati chidebe chotcherezera.

Tikadali pamenepo anafika Che Amidu, mwini chilimira, ukonde waukulu uja wophera utaka, bambo wa Chisilamu amene ndinkamusokera mikanjo kale. Anapempha kulankhula.

"Amayi, mundibwereke ine munthuyu. Chisumbu cha Mbenji akuchitsegula, nyengo ya usodzi yafika. Kumene kuja mowa sulowa. Manja a telala angathe kusoka ukonde."

Mkazi wanga anatembenukira kwa Che Amidu. Kenaka anati, "Mutengeni. Chisumbu chikatsekedwa, akabwera ali munthu, khomo alipeza. Akabwera ali chonchi, adzapeza chikwama chake panja."

Amene simunapiteko, Mbenji ndi chisumbu cha malamulo. Mowa ayi, chamba ayi, njuga ayi, akazi safikako. Pokwera boti amafufuza katundu. Ine ndinali nditabisa kabotolo m'bulangete. Che Amidu anakapeza, anakakhuthulira m'madzi ine ndikuona, n'kunena kuti, "Nsomba zikaledzera, mlandu ndi wanu, atelala." Anthu anaseka. Ine ndinkafuna kulumphira m'madzimo kukatsatira.

Masiku oyamba ndinaona zoopsa. Manja ankagwedera moti chingwe sindinkatha kuchigwira. Ndinkasanza, ndinkaona anthu a patebulo aja ataima pamiyala. Boti la injini likamveka ndinkathawira kuseri kwa thanthwe. Che Amidu akamaliza mapemphero ake a swala ankabwera ndi tiyi wa shuga wambiri, n'kukhala pambali panga osandifunsa kanthu. Pang'onopang'ono manja anakhazikika, ndipo ndinayamba kuziba mabowo a chilimira. Koma musaganize kuti ndinali nditachira. Ndinkangodikira tsiku lotsika kuti ndikamwe.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene Mulungu anandigwira.

Unali m'mawa, maboti atabwera, utaka uli pamathandala. Pamsasa pathu panali wailesi yaing'ono ya alovi, asodzi aganyu aja, yopachika pamtengo. Ine ndinkakhala kutali nayo, koma tsiku limenelo ukonde unayalidwa pafupi. Muulutsi anali akuwerenga moni wa anthu. Mwadzidzidzi, pakati pa mawu, anaduka. Zii. Kenaka inayamba nyimbo. Piyano, yekha, wopanda mawu.

Abale, thupi langa lonse linachita tsembwe. Miyendo inati thawa, koma pachisumbu uthawira kuti? Kumanzere madzi, kumanja madzi. Ndinakhala pomwepo, chingwe chili m'manja, ndikudikira dzanja lija kuti lifike pakamwa panga.

Ndiye ndinayang'ana anzanga. Amene ankayala nsomba anaima, manja ali m'malere. Wophika anasiya mthiko m'poto. Amuna a zifuwa, olimbana ndi mwera pakati pa nyanja osaphethira, nkhope zawo zinali zitatuwa ngati phulusa. Che Amidu milomo inkayenda, akupemphera chamumtima. Palibe anayang'ana mnzake. Ndinadabwa kwambiri. Nthawi yonseyi ndinkayesa kuti mantha aja ndi anga ndekha, chilema chimene ndinabwera nacho kuchokera kuja. Koma onsewa anali nawo, ngakhale sanakwerepo galimoto ija. Kungoti iwo anali asanawathire kachasu.

Kenaka khutu langa linadzuka lokha, ine osalituma. Nyimboyo ndinkaidziwa. Inali Bakha Akusamba. Ndinali nditaijambulapo pa siteshoni yathu yomweyi, ndipo ndinkadziwa kuti imeneyi amaiika makina akawavuta. Za zovuta zenizeni zimakhala zina, zolemera, za limba ndi malipenga. Pachisumbu chonse, wodziwa zimenezi ndinali ine ndekha, chidakwa.

Koma ndinene bwanji? Ndikati palibe wamwalira, wina adzafunsa kuti ndani ananena za kumwalira. Msampha womwe uja. Ndipo pagulu lotere sudziwa amene ali khutu la atcheyamani. Mtima unkandiuza kuti khala chete, Gelesomu, unapita kale kamodzi. Ndinayang'ananso wophika uja, bambo wa ana, misozi ili m'maso. Ndiye ndinatsegula pakamwa.

"Akukonza mawaya," ndinatero.

Onse anatembenuka.

"Mwati bwanji, atelala?" anafunsa Che Amidu.

"Iyi amaiika akamakonza mawaya. Ndimaidziwa. Tamverani, apa pabwera kachitoliro."

Ndipo ndinaiimba ndi mphuno, ndikutsogola pang'ono, nyimbo ikunditsatira pambuyo. Kachitoliro kanabweradi. Koma muulutsi sanabwere. Nyimbo inatha, inayambiranso. Ndinayamba kuganiza kuti mwina asintha kachitidwe ine ndili mkati muja, mwina lero ndi tsikulo, ndipo ine ndaimba ndi mphuno pamaso pa anthu onsewa. Ndinaona galimoto ija m'maso mwanga. Ndinapitiriza kuimba chifukwa kusiya kunkandiopsa kuposa kupitiriza.

Kenaka kunamveka khwaa, ndi liwu la munthu likupepesa chifukwa cha vuto la makina.

Anthu anaseka mokweza kuposa mmene nkhaniyo inkasekeretsera. Wina anandimenya pamsana. Che Amidu anati, "Alihamdulillahi," n'kubwerera ku nsomba. Palibe anatchula chimene tinkaopa, mpaka lero.

Ine ndinapita kuseri kwa thanthwe langa lija, ndinasanza, kenaka ndinalira ngati mwana. Ndinali nditaimba nyimbo ija pagulu ndipo palibe ananditseka pakamwa. Koma mwana wanga anaimba kuseri kwa nyumba ya amayi ake, akutsuka mbale, ndipo dzanja limene linamutseka linali langa. Pamenepo mpamene ndinasiya kufuna botolo n'kuyamba kufuna kupita kunyumba.

Amene muli m'dzenje limene ndinalimo, ndikuuzeni zimene zinandithandiza, mutolepo zanu. Pitani kumene botolo silingakutsatireni. Ngati si Mbenji, pezani Mbenji wanu, ngakhale kumunda kwa amalume anu. Musadzinamize kuti mungasiye muli khomo limodzi ndi wotcheza. Manja apatseni ntchito, chifukwa manja opanda chogwira amadziwa njira ya ku botolo. Ndipo chimene mukuchithawacho muuze munthu mmodzi. Ine ndinauza Che Amidu zonse, tikusoka ukonde, maso athu ali pa chingwe. Sanandipatse nzeru iliyonse, anangomva, koma katunduyo anachepa. Nditatsika pachisumbu ndinasinthanso njira, ndimazungulira kumsika kuti ndisadutse pa khomo la amayi amene ankandigulitsa kachasu. Mpaka lero ndimazungulira, mukandiona musayese ndasochera.

Nditafika, chikwama sindinachipeze panja. Mayi ake Esinta anandinunkhiza kaye, osabisa n'komwe, n'kunena kuti, "Lowani." Ndi zimene ndinapeza ku Mbenji ndinagula makina akale. Woyamba kubweretsa nsalu anali Che Amidu, ndipo alovi ake anatsatira. Koma Esinta anali yemwe uja. Ndinamuitana, ndinakhala pansi pamaso pake, ndinati, "Mwana wanga, ndinakulakwira. Sunalakwe kanthu iwe." Anayang'ana pansi. "Inde, ababa." N'kutuluka. Mowa ndinali nditasiya, nyumba ndinali nditabwerera, koma chimene ndinaphwanya chinali chikadali chophwanyika.

Patapita nthawi, mphunzitsi wina amene ankasamutsidwa anandigulitsa kawailesi ka kaseti. Ndinakabisa m'dengu masiku ambiri, ndikuopa kukayang'ana. Kenaka ndinapita ndekha kwa atcheyamani, chipewa m'manja, kukawauza kuti ndikufuna kumaliza nyimbo posoka, chapansipansi, ndipo pazikhala liwu la munthu pakati kuti anthu asasokonezeke. Atcheyamani anati, "Munthu azilankhulapo, ndipo azilankhula Chichewa." Mnzanga wa kuhotela anandipatsa matepi angapo. Ndinayesa kuikapo liwu langa, koma linkanjenjemera ngati la munthu wolengeza maliro amene. Zikanangoipiraipira.

Ndiye tsiku lina ndinaika kawailesiko pamphasa, Esinta akusankha mpunga chapatali. Ndinalankhula ngati ndikulankhula ndi khoma. "Tepi iyi ndasiya mpata pakati pa nyimbo. Pakufunika munthu wonena mayina ake. Ine mayina ndinaiwala. Batani lojambulira ndi lofiirali." Sanadzutse mutu. Ndinatuluka, ndinapita kudoko, ndinakakhala kumeneko mpaka njala inandibweza. Nditabwera kawailesi kanali pomwe ndinakasiya, ndipo ndinalibe mtima wofunsa.

M'mawa mwake pakhonde ndinaika tepiyo, chapansipansi. Nyimbo yoyamba inalira, ine ndikusoka kolala ya yunifolomu, maso ali kumsewu. Itatha panali zii. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse anthu asanayambe kuima. Ndiye ndinamva kupuma, kupuma kwa munthu amene wayandikitsa pakamwa kwambiri. Kenaka liwu:

"Mukumvera tepi ya ababa anga, atelala. Kuno tonse tili bwino. Yotsatirayi ndi Mvula pa Malata."

Phazi linaima pamakina. Mayi wina wa beseni la usipa, mmodzi mwa omwe aja anaima mumsewu tsiku lija, anati, "Atelala, si Esinta ameneyo?" Ndinangogwedeza mutu, misozi ikugwera pa yunifolomu ya mwana wa eni.

Abale anga, sindikunamizani kuti mantha anatha. Galimoto ikaima panjapo tsopano lino, mundiona ndikhala pansi. Chipsera cha pamlomo wa mwana wanga chiliponso, ndimachiona tsiku lililonse tikamadya. Koma botolo sindinalikhudzenso, ndipo matepi anga ayambanso kuchuluka, a ulusi wofiira, wobiriwira ndi woyera. Koma palibe ngakhale imodzi yopanda liwu la munthu ngati kale. Ine amene ndinkanyadira kudula liwu la munthu, lero nyimbo ikamalira ndimangofuna ithe msanga kuti mwana wanga alankhule.

Mundipempherere. Amen.